Bere likatupa usiku wachitatu, mayi athamangire kwa ndani?

Kuno kwathu, Dedza ndi Ntcheu yemwe, palibe mayi amene sanamvepo zoti mwana aziyamwa mwakathithi mpaka miyezi 6. Funsani aliyense pa msika wa Lizulu kaya pa Chimbiya, olo mtsikana woti mimba yake ndi yoyamba, akuyankhani bwinobwino osaphonya. Kusikelo timayimba nyimbo zake, pa wailesi amanena, pakhoma la chipatala chithunzi chilipo. Uthenga unafika ndithu. Nde chomwe chimandizunguza mutu n'choti ngati tonse tikudziwa, bwanji ana ambirimbiri akumayamba phala ali ndi miyezi itatu kaya inayi? Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo mdziko muno, wotchedwa DHS, anapeza kuti mu 2010 ana 71 pa 100 aliwonse osakwana miyezi 6 ankayamwa bere lokha, koma pofika 2015-16 anatsika kufika pa 61. Tinabwerera mmbuyo pa nthawi yomweyo imene amayi ambiri anasiya kuchilira kwa azamba, poti kafukufuku yemweyo akuti ana 91 pa 100 anali akubadwira kuchipatala.

Ine ndimaona kuti tazolowera kumuuza mayi zochita nkumaganiza kuti tamuthandiza. Kuyamwitsa ndi ntchito yofuna wina akuonetse, akuyang'ane ukuchita, akukonze pomwe zikuvuta, ngati mmene tinaphunzirira kuphika nsima, palibe anadziwa pongomva kuti madzi akatentha uthire ufa, panali amayi kapena azakhali pambali akukugwira dzanja pa mthiko. Koma ikafika nkhani ya bere timangoti "mwana aziyamwa pafupipafupi mayi", basi wotsatira alowe.

Mng'ono wanga amakhala kumudzi cha ku Bembeke, mwana wake woyamba anabadwa mu June, ndipo amene mumakudziwa ku Bembeke mukudziwa kuti June wa kumeneko amazizira bwanji. Kuchipatala zonse zinayenda bwino, mwana anamuika pachifuwa atangobadwa, anayamwa, mawa lake anawatulutsa poti mabedi ndi ochepa ndipo ena anali akudikira kale. Anamwino sindikuwada ayi, ndawaonapo mmene amakhalira usiku, munthu mmodzi kaya awiri wodi yonse, uku wina akuchira uku wina akutaya magazi, ungamuuze bwanji kuti akhale pansi mphindi 30 kuyang'ana mmene khanda likugwirira bere? Kungoti mavuto a kuyamwitsa sayamba tsiku loyamba. Amayamba mayi ali kale kunyumba.

Masiku awiri oyamba kumatuluka mkaka wachikasu uja, wonanda, wochepa kwambiri moti ena amati palibe chikutuluka, koma kamimba ka khanda nakonso kamakhala kakang'onong'ono ndipo timadontho timeneto timakwana, komanso ndi momwe muli chitetezo chambiri ku matenda. Kenako cha tsiku lachitatu kaya lachinayi mkaka umabwera wambiri nthawi imodzi. Kwa amayi ena mawere amatupa kulimba gwa, kutentha, nsonga ya bere imachita ngati yalowa mkati, mwana akafuna kugwira kakamwa kamangoterereka, nde amalira, mayi nayenso ululu, tulo palibe, mwina alinso ndi ulusi kumusi kukhala pansi kukumuvuta.

Ndi zomwe zinachitika kwa mng'ono wangayo. Usiku wonse mwana kulira kosatonthozeka. Kutacha amayi athu, omwe analera ana awo onse bwinobwino ndipo mdzukuluyo amamukonda kuposa tonsefe, anati, "Mwanayu ali ndi njala, iwe mkaka ulibe. Timupatseko timadzi ta shuga mwina n'kugonako." Mlamu wanga anali atayamba kale kufunsa mtengo wa chitini cha mkaka ku boma, ndalama yake yoti agulitse thumba la kachewere lomwe anasungira mbewu. Mwamwayi mmudzimo muli mayi wina wa care group, gulu la amayi ongodzipereka oyenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za umoyo wa mayi ndi mwana, atamva anabwera mmawa womwewo asanapite kudimba. Analowa, kupereka moni, nkukhala pamphasa. Choyamba chomwe anachita ndi chomwe ndimachikumbukira kwambiri, sanatsutsane nawo amayi athu olo pang'ono, anangoti, "Agogo, tatenthetsaniko madzi pang'ono mutithandize, ndi kansalu koyera." Kenako kwa mng'ono wanga, "Inu make mwana tsamirani khoma, musawerame, mwanayo ndi amene abwere kwa inu."

Anamuika kansalu kofunda pa bere, anamuonetsa kufinya mkaka pang'ono ndi zala kuti pakuda pozungulira nsonga paja pafewe, kenako anamutembenuza mwana kuti mimba yake igundane ndi mimba ya mayi, mutu ndi thupi zikhale mzere umodzi osati khosi lopindika. Anadikira mpaka mwana atayasamula kwambiri nde nkumukankhira ku bere, chibwano chinagunda bere, mlomo wakumusi unapindikira kunja, gawo lalikulu la pakuda paja linalowa mkamwa. Sizinatheke ulendo woyamba, anabwereza kangapo mwana akukalipa. Koma atagwira tonse tinamva akumeza, ndipo mng'ono wanga anati sizikupwetekanso ngati dzulo. Mayi uja anabweranso madzulo, anabweranso mawa lake. Anatiuzanso zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala osadikira, mayi akatentha thupi bere litafiira ndi kupweteka malo amodzi, kapena mwana akafooka nkukana kuyamwa, akatentha kaya kuzizira thupi, akachita chikasu.

Taganizani akanapanda kubwera. Mwana akanamwa timadzi ta shuga tija, akanagona, akanayamwa pang'ono tsiku limenelo, bere likanatupiratupira. Ndipo thupi la mayi limapanga mkaka molingana ndi womwe wachotsedwa, bere likakhala lodzadza nthawi yaitali thupi limamva kuti mkaka sukufunika nkuyamba kuchepetsa. Pakatha sabata ziwiri zitatu mkaka wachepadi, ndipo aliyense akanati mwaona, tinanena kuti ameneyu alibe mkaka. Amayi ambiri omwe amati mkaka wanga ndi wochepa nkhani yawo inayamba chonchi, ndi mwana wosagwira bwino bere ndi nsonga zong'ambika zomwe palibe anaziyang'ana. Alipo ndithu ochepa omwe mkaka umavutadi pa zifukwa za mthupi, amenewo amafunika achipatala, koma njira yodziwira si kulira kwa mwana, ana amalira pa zifukwa zambiri. Mwana akamanyowetsa matewera ka 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wake wosakhala wachikasu kwambiri, ndipo kusikelo mzere wake ukukwera, ameneyo akukhuta. Thobwa imwani, chiponde idyani, mayi woyamwitsa amafunikadi kudya ndi kumwa mokwanira, koma chomwe chimabweretsa mkaka kwenikweni ndi kuyamwa kwa mwanayo, usana ndi usiku womwe.

A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati mayi ndi khanda aonedwe mkati mwa maola 24, aonedwenso tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, kenako pa sabata 6. Tsiku lachitatu limenelo analiika dala. Koma kafukufuku uja wa 2015-16 anaonetsa kuti amayi omwe anapimidwa mmasiku awiri oyamba atachira sanakwane ndi theka lomwe. Ndipo kunena zoona, mayi wa kuseri kwa Tsangano kapena kumapiri a kwa Kasumbu, wangochira kumene, mungamuuze kuti akwere njinga yamoto ya kabaza mumsewu wa mabampu uja kupita kuchipatala chifukwa choti bere likupweteka? Sangapite. Apita mwana akadwala. Nde thandizo lake liyenera kumupeza pakhomo, palibenso njira ina.

Izi sikuti ndi maloto chabe, zinayesedwapo konkuno ku Malawi. Ku Mchinji kunali ntchito ya MaiMwana, anasankha amayi ammidzi momwemo nkuwaphunzitsa za kuyamwitsa ndi kasamalidwe ka khanda, ndipo aliyense ankayendera mayi kasanu, ali ndi pakati potsala pang'ono kuchira, sabata yoyamba atachira, kenako mwana ali ndi mwezi umodzi, miyezi itatu ndi miyezi isanu. Zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2013 ndipo zinaonetsa kuti maulendo amenewa anathandiza kuti ana ambiri aziyamwa bere lokha. Taonani nthawi zomwe anasankha, mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi pomwe phala limalowa mnyumba zambiri. Ku Mchinji ndi pompano apa, anthu ake ndi ife tomwe, chimanga chomwechi, apongozi omwewa.

Za apongozi ndi agogo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndimamva chisoni mmene timawanenera. Pa misonkhano ya zaumoyo agogo amatchulidwa ngati ndi iwo vuto, eti ndi amene amapatsa ana madzi, mankhwala a liwombo, phala lamadzimadzi. Zoona amapatsadi. Koma tadzifunsani, kusikelo timaphunzitsa ndani? Timaphunzitsa mtsikana wa zaka 17, yemwe akabwerera kunyumba alibe mawu pamaso pa mayi ake kapena apongozi ake, makamaka ngati ali kuchitengwa. Kafukufuku uja wa 2015-16 anapeza kuti mdziko muno atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali kale ndi mwana kapena ndi pakati, ndi nkhondo yomwe mfumu Theresa Kachindamoto anatchuka nayo dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana kuno ku Dedza. Mtsikana ngati ameneyo angauze apongozi ake kuti ayi amayi, anesi anakaniza? Amene ali ndi mphamvu pa khandalo sanaitanidwe ku phunziro, ndipo amene anaitanidwa alibe mphamvu.

Chikhalirecho agogo omwewa ndi amene amasunga mwambo wa chikuta, woti mayi akachira akhale mnyumba ndi mwana wake mpaka mchombo utagwa, osatunga madzi, osasinja, ena amuphikire. Chinthu chanzeru kwambiri chimenecho, ndi nthawi yeniyeni yomwe mkaka umakhazikika. Munthu amene amadziwa kale kuti mchembere amafunika kupuma si mdani wa kuyamwitsa. Amangofunika wina amufotokozere mwaulemu kuti mkaka wa mmawere gawo lake lalikulu ndi madzi, moti olo mu October kotentha ku Mtakataka kaya ku Golomoti mwana sasowa madzi apadera, kungomuyamwitsa kawirikawiri basi, ndipo kuti madzi a pa chitsime omwe ife akulu timamwa osadwala khanda amalitsegula mmimba. Amayi athu atamva mdzukulu wawo akumeza tsiku lija, ndi iwo anasanduka mlonda, mlendo akati mwanayu mumupatseko gripe water ankayankha okha.

Ndiye pali nkhani ya ntchito, yomwe kwa ine ndi imene imathetsa kuyamwitsa mwakathithi kuposa miyambo yonse kuiphatikiza. Lamulo lathu la Employment Act la 2000 limapatsa mayi wapantchito tchuthi cha sabata 8 zolipidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Sabata 8, pomwe boma lomwelo likuti miyezi 6 bere lokha, ndipo bungwe la zantchito padziko lonse la ILO limati tchuthi chisachepere sabata 14. Mu 2021 lamuloli linakonzedwa nkuikamo tchuthi cha abambo cha sabata ziwiri, chinthu chabwino ndithu. Koma amayi ambiri a kuno alibe bwana woti akamupemphe tchuthi. Bwana wawo ndi dimba la kabichi lofuna kuthirira, ndi tomato woti akapanda kufika pamsewu wa M1 lero aola, ndi ganyu wokumba kachewere wolipidwa pa tsiku. Mudzaime pa Lizulu tsiku la msika muone amayi akuthamangira minibasi beseni pamutu mwana kumbuyo, ena mwana anamusiya kunyumba ndi kamtsikana ka zaka 9 ndi kapoto ka phala. Mayi ameneyo mukamuuza za mwakathithi akuvomerani mwaulemu, koma madzulo ana enawo adya chani?

Pali zothandiza zing'onozing'ono zomwe sitiphunzitsa mokwanira. Kufinyira mkaka mkapu yoyera yovindikira, umakhala maola angapo osawonongeka pamalo pozizira, ndipo kuzizira kuno sitikusowa, wotsala ndi mwana nkumumwetsa ndi kakapu osati botolo poti botolo ndi lovuta kutsuka. Ambiri amanyansidwa nazo poyamba, ena amakhulupirira kuti mayi akachoka tsiku lonse mkaka wa mbere umasasa nde ayambe wautaya, zomwe si zoona, mkaka suwonongeka uli mbere. Koma izinso ndi zofuna munthu akuonetse ndi manja, kufinya kuli ndi kafinyidwe kake. Ndipo chachikulu ndi abambo. Sindikunena zomuperekeza mayi kusikelo kuti alowe msanga pa mzere, ndikunena zotenga ndowa kupita kumjigo, kuthirira dimba miyezi imeneyi, kupita okha kumsika ndi tomato. Bambo amene watenga ntchito ziwiri za mkazi wake wamupatsa mwana maola oyamwa, ndipo zimenezi mafumu ndi akulu ampingo atazinena pa msonkhano zingamveke kuposa kuzinena nesi.

Amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV ali ndi mtolo wawo wapadera. Malawi ndi dziko lomwe linayambitsa Option B+ mu 2011, kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo ayambe ma ARV pompo kwa moyo wonse, ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Mayi akamamwa mankhwala mwandondomeko mpata wopatsira mwana kudzera mu mkaka umachepa kwambiri ndipo amalangizidwa kuyamwitsa, miyezi 6 yoyamba bere lokha. Chovuta n'choti uphungu unasinthasintha zaka za mmbuyomu, ena akadali ndi mawu akale oti asiyitse mwana msanga, ndipo mayi amene sanaulule kwa apabanja sangafotokoze chifukwa chomwe akukanira kuti mwana apatsidwe phala. Ameneyu nsonga ya bere ikang'ambika amafunika thandizo tsiku lomwelo, kwa munthu amene angamukhulupirire kuti sakalengeza pa mjigo.

Za mkaka wa mchitini ndinene mosamala. Pali ana omwe mayi awo anamwalira pochira, pali amayi odwala kwambiri, amenewo chitini chimapulumutsa moyo ndipo palibe chifukwa chowachititsa manyazi, m'malo mwake athandizidwe kupeza mkakawo ndi kuukonza mwaukhondo. Chomwe ndimadana nacho ndi chitini cholowa mnyumba chifukwa choti panalibe womuthandiza mayi tsiku lachitatu. Banja limagula chimodzi, chachiwiri, ndalama yatha, amayamba kuchepetsa masipuni kuti chikhalitse, madzi ake osawiritsa bwino, ndipo tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Pofika apo bere linauma kale. Maiko anagwirizana kale mu 1981 malamulo oletsa kutsatsa mkaka woterewu mokopa amayi, koma lero kutsatsako kunasamukira pa Facebook ndi mmagulu a WhatsApp, komwe mayi wotopa pakati pa usiku amaona khanda lonenepa pambali pa chitini. Ofufuza analemba mu The Lancet mu 2016 kuti kuyamwitsa kutafika pafupifupi kwa ana onse, ana oposa 800,000 osakwana zaka 5 sangamamwalire chaka chilichonse, ndipo ambiri mwa ana amenewo ndi a maiko ngati lathu lino, komwe kutsegula mmimba ndi chibayo zikadali kupha. Kuno mwana mmodzi mwa atatu aliwonse ndi wopinimbira, kafukufuku uja wa 2015-16 anati 37 pa 100.

Zida zake tili nazo kale zambiri, n'chifukwa chake zimandipweteka. Ma HSA, alangizi a zaumoyo aja, ali mmidzi, kungoti aliyense wasenza katemera, sikelo, klorini, malungo, kalembera, ndipo ena amakhala kutali ndi dera lawo chifukwa kulibe nyumba. Ma care group alipo. Ndondomeko ya WHO ndi UNICEF ya Baby-Friendly Hospital Initiative, yomwe inayamba mu 1991, imanena momveka kuti chipatala chisamangotulutsa mayi, chizimulumikiza ndi omuthandiza kumudzi. Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, chilipo pa 54747 ndipo mayi angathe kufunsa ali pamphasa pake, ngakhale foni singaone mmene mwana wagwirira bere. Chomwe chikusowa ndi ulusi wolumikiza zinthu zimenezi. Mayi akamatuluka mu wodi, uthenga upite tsiku lomwelo kwa HSA kapena kwa mayi wa care group wa mmudzi mwake kuti uje wachira, mukamuone mkuja. Meseji imodzi ya pa foni. Panopa zimadalira mwayi, ngati wa mng'ono wanga woti woyandikana naye anamva mwana akulira.

Ndipo amayi ongodzipereka amenewa tisamawatenge ngati ndi aulere mpaka kalekale. Mayi uja anasiya dimba lake mmawa umene uja, palibe anamulipira, buku lake la zithunzi linali lothothoka masamba, maphunziro omaliza anapita nthawi ya pulojekiti ina yomwe inatha kale. Pulojekiti ikatha gulu limazilala pang'onopang'ono, otsala ndi okhawo a mtima ngati iyeyo. Chaka chilichonse pa 1 mpaka 7 August timakumbukira sabata ya kuyamwitsa, pamakhala magule, zolankhula, malaya olembedwa uthenga. Ine pempho langa kwa khonsolo ya Dedza ndi ya Ntcheu ndi mabungwe omwe amathandiza pa mwambowu ndi loti gawo la ndalama imeneyo lipite kwa amayi oyenda khomo ndi khomowa, awaphunzitsenso pogwiritsa ntchito ana enieni osati zithunzi zokha, awapatse mayunitsi a foni, ambulera ya nthawi ya dzinja, ndi njinga kwa omwe midzi yawo ndi yotalikirana. Ndipo pa maphunziro amenewo gulu lililonse libwere ndi agogo awiri atatu a mmudzimo, akhale kutsogolo.